Gawo Limene Amayi Akupempha

Chilobwe,
Blantyre.
9 Ogasiti, 2025.

Okondedwa alamu a Ackim,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Joni, inu pamodzi ndi akazi anu a Patricia. Tikumva kuti chaka chino kwazizira kwambiri, ndiye ndikhulupirira chifuwa chanu chija sichinakuyambeninso. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Sungeni wamaliza sitandade wani, mano awiri akutsogolo anaguluka, ndipo akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Achimwene anu a Dalton ali bwino m'thupi. Amene sali bwino ndi amayi, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Kalatayi ndapatsira a Amida, aja amabwera kumeneko kudzaoda nsapato. Ndikudziwa kuti manambala athu munawatseka chaka chatha, ndipo sindikukudandaulani. Ndikungopempha kuti musaing'ambe musanafike kumapeto. Zina mwa zimene ndilembe mukuzidziwa kale, koma mundilole ndiyambire kutali. Ndikalumphira pakati ndikuopa kuti ndidzichepetsera mlandu.

Mukukumbukira chaka cha 2021, pamene inu ndi achimwene anu munamaliza gemu yanu ya pafoni, Njira ya Atikonda, m'kachipinda kaja ka ku Kanjedza. Inu munkalemba nkhani, iwo ankajambula ndi kulumikiza zonse pa kompyuta. Ine munandipatsa mawu a mtsikanayo, ndipo ndinkayankhula nditafunda bulangete kumutu kuti phokoso la magalimoto lisalowe.

Wosewera ankasanduka Atikonda, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri wothawa nkhondo ku Mozambiki. Ankasankha yekha njira yodzera, woyankhula naye ndi womukhulupirira, mpaka akafike ku Limbe kukafuna mayi ake. Munaimanga pa zochepa zimene amayi ankatiuza za ulendo wawo wa mu 1986: lole ya tiyi ya ku Mulanje, mayi wa nthochi ku Luchenza amene anawapatsa chitenje, ndi siteshoni ya sitima. Amayi ataiona anaseka, nati mwawajambula miyendo yaitali ngati ya kakowa.

Mathero ake munalemba ndinu. Atikonda waima pa siteshoni, wina akumuitana kumbuyo, iye akucheuka, basi mdima. Anthu anaikonda gemuyo. Ngakhale makondakitala pa depoti ya Limbe ankakangana kuti womuitanayo anali ndani. Mkangano wa inu awiri unayambiranso pomwepo.

A Dalton ankafuna mupitirize. Ankati munthu ukamukonda sufuna kusiyana naye pa siteshoni, ndipo magemu onse amene munakula mukusewera ali ndi gawo lachiwiri, lachitatu, ena mpaka lakhumi. Inu munkati vuto lake ndi lomwelo. Gawo loyamba anthu amalipanga chifukwa ali ndi chonena, koma otsatirawo amawapanga chifukwa akuwomberedwa m'manja. Munkati amangosintha malupanga ndi zovala, nkhani n'kukhala yomweyo, mpaka munthu amene unkamukonda uja umayamba kutopa naye.

A Dalton atalephera pamenepo anabwera ndi ina. Anati ngati kutsogolo simukufuna, ndiye tibwerere m'mbuyo, tionetse zimene zinachitika Atikonda asanawoloke malire. Tsiku limenelo tinali mu minibasi tikuchokera ku ukwati ku Bangwe, ndipo munakweza mawu mpaka anthu anatembenuka. Munati zam'mbuyozo amayi sanatiuzepo, ndipo munthu akakhala zaka zonsezi osanena chinthu, sikuti waiwala.

Ine nthawi imeneyo ndinkangoona ngati mikangano ya anthu a mpira. Ndinkaseka.

Inu mutanyamuka mu 2022, achimwene anu anafota. Anayesa kupanga gemu ya bawo, sanaimalize. Akaweruka ku ntchito m'tauni ankatsegula laputopu, kumuyang'ana Atikonda ali chiimire pa siteshoni paja, n'kutsekanso. Anthu ankalembabe mauthenga kufunsa gawo lina. Iwo ankangowerenga, osayankha.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Za matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche munaziona pa foni, ndipo mukudziwa kuti ife tinangogwetsedwa khoma la khitchini. Zimene simukudziwa ndi izi.

Mvula itasiya, ine ndi amayi tinapita ku tchalitchi kukathandiza kugawa zovala kwa amene nyumba zawo zinapita. Kumeneko kunali mayi wina wachitsikana atakhala payekha pakona. Anthu ankanong'onezana kuti madzi anamulanda mwana m'manja, ndipo wina anati akanagwiritsa. Amayi atamva mawu amenewo anaika pansi zimene ananyamula, natuluka.

M'mawa mwake tinali kuseri kwa nyumba tikuchapa mabulangete amene tinafukula m'matope. Tinali awiri basi. Amayi anayamba kuyankhula osandiyang'ana, manja ali m'beseni, mawu ena m'Chilomwe.

Anati sanathawe okha. Anali ndi mlongo wawo wa zaka zinayi, amene chitsa chinamubaya kuphazi ndipo bala linatupa. Anamubereka masiku awiri. Tsiku lachitatu msana unakana. Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chulu, namupatsa kachidutswa ka chinangwa, namuuza kuti akhale pompo, iwo akukatunga madzi. Ali kumtsinje kunamveka mfuti. Anthu anatulukira m'tchire akuthamanga, iwo anathamanga nawo, nawoloka. Anati palibe amene anawakoka dzanja. Miyendo yawo yomwe ndiyo inasankha.

Alamu, foni yanga inali pa njerwa chifukwa ndinkamvera wailesi. Atayamba kuyankhula ndinazimitsa wailesiyo ngati munthu waulemu. Koma chala changa sichinalekere pomwepo. Ndinadina pojambulira mawu.

Atamaliza anafinya bulangete nati, "Izi ndauza iwe wekha, mwana wanga. Anyamata aja asamve."

Ndinavomera.

Ndinasunga mawuwo miyezi iwiri. Ndinkadziuza kuti ndikusungira Sungeni, kuti akadzakula adzadziwe kumene anachokera. Limenelo linali bodza. Choona n'chakuti ndinkaona mwamuna wanga akufota, ndipo mankhwala anali m'thumba mwanga. Palinso china chimene ndikuchita nacho manyazi kwambiri. Zaka zonse zimene munkagwira ntchito limodzi, inu awiri munali ndi dziko lanu. Ine ndinkangoitanidwa kuti ndidzafunde bulangete, ndikamaliza n'kubwerera ku khitchini. Ndinkafuna tsiku lina ndibweretse chinthu chimene inu simukanatha kubweretsa.

Loweruka lina masana ndinawapatsa a Dalton foni. Anamvera mpaka kumapeto, nalira ngati mwana. Atapukuta nkhope anati ndifufute, ndipo anati inu munkanena zoona. Ndine ndinawakakamiza. Ndinati tisintha maina. Ndinati amayi sasewera magemu, sadzadziwa. Ndinatinso mwanayo anafa popanda manda, ndiye iyi ikhala ngati njira yomulira. Ndinawabwerezera mawu amenewa milungu itatu mpaka anatsegula laputopu.

Gawo latsopanolo tinalitcha Tsidya Lija, ndipo linatuluka mu Febuluwale chaka chatha. Poti amayi sanatchule dzina la mlongo wawo, tinamutcha Yamikani. Mawu a pamtengo paja ndinayankhula ndine, monga momwe amayi anawanenera: khala pompano, ndikubwera. Wosewera akafika pamenepo amapatsidwa njira zitatu, koma iliyonse imene angasankhe, mfuti zimalira ndipo mwanayo amatsala.

Anthu anati laposa loyamba. Ambiri anabwerera kukaseweranso loyambalo, nati tsopano lasintha kakomedwe. Anazindikira chifukwa chake Atikonda amakana mango pa msika wa Luchenza, ndi chifukwa chake akamamwa madzi pamtsinje amacheukacheuka. Zimenezo munazilemba ndinu, potengera makhalidwe a amayi, osadziwa kumene zinachokera. A Dalton anaitanidwa kukayankhula kwa ophunzira za makompyuta m'tauni. Ine ndinakondwa, alamu. Ndisakunamizeni.

Chimwemwecho chinatha miyezi iwiri.

Mukuwadziwa a Magdalene, aja ali ndi benchi yoyandikana ndi ya amayi pa kaunjika mu msika wa Limbe. Iwo amasewera magemu makasitomala akachepa. Tsiku lina anafika pamtengo paja, nabwereza katatu kuyesa kumupulumutsa mwanayo. Atalephera anawapatsa amayi foni. Anawauza kuti aone zimene ana awo apanga, ndipo anawafunsa moseka kuti bwanji anyamatawa sanaike njira yoti mtsikanayu abwerere, poti mwana weniweni sangasiye mlongo wake chotere. A Magdalene sankadziwa kanthu. Anadzandiuza okha pambuyo pake, akudabwa chimene analakwa.

Amayi anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, belo la zovala atalisiya ku msika losatsegula. Linali Loweruka, tonse tinalipo. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chikwama chili pamiyendo, nati, "Anthu akusewera ndi mlongo wanga pa msika."

Sanakalipe, sanalire.

A Dalton anaichotsa gemuyo pa intaneti tsiku lomwelo, koma madzi anali atatayika kale. Anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ku Limbe anali nayo, ndipo anthu ankangopatsirana. Mpaka lero ndimamva mawu anga akutuluka m'foni ya munthu wosamudziwa mu minibasi.

Inu mutaimba foni, ine ndinali pomwepo. Ndinamva mukufunsa kuti nkhani imeneyi anaitenga kuti. Ndinaona achimwene anu akundiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kukhoma. Anakuuzani kuti anawaumiriza amayi mpaka anaulula. Munawauza kuti kuyambira tsiku limenelo alibe mkulu wawo. Ine ndinali nditanyamula mbale, ndipo ndinangoima. Ndikanatha kulanda foni n'kunena zoona. Sindinatero, ndipo kwa chaka ndi miyezi inayi ndalola kuti mudane ndi munthu amene anati ndifufute.

Amayi okha ndiwo ankadziwa zoona, poti anauza ine ndekha. Sanandifunsepo. Moni ankandipatsa, chakudya changa ankadya. Koma mawu oti mwana wanga anatha. Ndinasanduka amake Sungeni. Tsitsi lawo, limene ndinkawaluka kuyambira ndili pa chibwenzi, anayamba kukalukitsa kwa aneba. Ku Mvano anasiya kupita. Anati akakhala pakati pa azimayi anzawo amaona ngati aliyense wauona mtengo uja, ngakhale palibe amene ankadziwa kuti nkhaniyo ndi yawo.

Ndinayesa kupepesa kawiri. Ulendo woyamba anandiuza kuti mpunga ukupserera. Ulendo wachiwiri anangonyamuka.

Tsopano ndifike pa za matenda. Mwezi wa Juni chaka chino, m'mawa wina wa chiperoni, amayi anagwa akusesa pabwalo. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Anagonekedwa masiku khumi ndi limodzi. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira, pakamwa panapotoka pang'ono, ndipo mawu amatuluka movutikira. A Dalton anakulemberani uthenga kudzera kwa mnzanu wina wa ku Joni komweko, koma sitikudziwa ngati unakufikani. Adokotala anatiuza mosabisa kuti mtima wawonso ndi wofooka, ndipo ikabweranso kachiwiri tisayembekezere zambiri.

Wowasambitsa ndine, chifukwa palibe mkazi wina pakhomo. Taganizani, munthu amene sankafuna kuti ndigwire tsitsi lawo, lero ndikuwanyamula kupita nawo kubafa. Masiku oyamba ankatseka maso mpaka ndimalize.

Lachiwiri lapitali ndinawakhazika padzuwa nditawasambitsa, ndikuwadzoza mafuta kumapazi. Ndinamva akuyankhula, koma sindinamve bwino, ndiye ndinasendeza khutu. Anandifunsa ngati m'chinthu chathu chija mtsikana uja amabwerera.

Ndinati ayi.

Anafunsa ngati zingatheke kuwonjezera. Ndinati zimatheka, anthu amapanga gawo lina lopitiriza pamene loyamba linathera. Kenako anati ndiitane a Dalton.

Atabwera anagwada pafupi ndi mpando. Amayi anati akufuna mtsikanayo anyamuke pa siteshoni paja, akwere lole, adutse ku Luchenza ndi ku Mulanje, awoloke mtsinje. A Dalton anati achita zimenezo, ndipo aika kuti mwanayo anatoledwa ndi anthu achifundo, anakula, ali ndi banja lake. Amayi anapukusa mutu mwamphamvu.

"Bodza sindikulifuna," anatero. "Sindikuti akamupeze. Angofika pamtengopo, amuitane."

A Dalton anati ayamba tsiku lomwelo. Amayi anakananso. Anati iwe ntchito yako ndi kujambula, wolemba ndi mkulu wako. Achimwene anu anawakumbutsa mwaulemu kuti inu munalumbira kuti simudzalembanso gawo lina, komanso kuti simukuyankhula nafe. Apa ndi pamene ananena chinthu chimene ndikuganiza kuti ngakhale malemu bambo anu sanachidziwe.

"Dzina lake si Yamikani. Ndi Jowakimu. Tinkamuitana Akimu."

Alamu, dzina lanu ndi lake. Anati mutabadwa bambo anu ankafuna dzina lina, koma iwo anakakamira osanena chifukwa. Anati zaka makumi atatu ndi ziwiri akhala akuitana dzina limenelo pakhomo, ndipo nthawi zonse wina ankavomera. Chiyambire chaka chatha akuitana popanda wovomera.

Ine ndinalephera kupirira. Ndinagwira phazi lawo n'kunena zonse zimene ndinalephera kunena kale, kuti ndinajambula mawu awo mwakuba, kuti ndinaswa lonjezo, kuti ndinakakamiza mwamuna wanga. Anandisiya ndimalize. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindikufuna kuwaikira mawu m'kamwa. Anangoti mafuta sanafike pachidendene.

Masiku anayi awa ndakhala ndikuganiza za mkangano wanu wa mu minibasi uja. Kale ndinkafuna kudziwa kuti wolondola ndani. Inu munati zam'mbuyo zisakumbidwe, ndipo taonani zimene kukumba kwathu kwachita. Koma achimwene anunso sananame. Chiyambire Tsidya Lija, ine sinditha kusewera gawo loyamba lija. Ndikafika pa mango a ku Luchenza ndimazimitsa foni. Kale malo amenewo ndinkangodutsa.

Za magemu a kunja, aja amafika gawo lakhumi, ine sindikudziwa. Mwina n'zoona kuti ambiri amangotalikitsa chifukwa choomberedwa m'manja. Koma ili limene akupempha amayi palibe amene adzaliombere m'manja. A Dalton anena kale kuti silidzapita pa intaneti. Lidzakhala mu foni imodzi yokha, ndipo adzaliona ndi munthu mmodzi. Dzanja lawo lamanzere likugwira, akhoza kudina okha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ine mundide mmene mungafunire, ndipo ngati simudzandiyankhulanso ndidzamvetsa. Mukabwera ndikhoza kukakhala kwathu ku Chirimba masiku onse amene mudzakhale kuno, kuti musamandione. Mawu a Atikonda mukhoza kupatsa munthu wina. Koma mng'ono wanu mutsegulireni foni. Wasenza katundu wanga nthawi yaitali, ndipo sakudziwa n'komwe kuti ndikulemba kalatayi. Akanadziwa akanandiletsa.

Ngati ntchito siikulolani kubwera msanga, lembani muli komweko mutumize. Siliyenera kukhala lalitali. Achimwene anu ajambula kale msewu, mtsinje ndi chulu, ndipo dzulo anamaliza mtengo. Asiya malo a mawu opanda kanthu. Akuti sakudziwa kuti munthu amanena chiyani akafika pamalo otero patatha zaka zonsezi, ndipo sakufuna kuyerekeza.

Koma koposa zonse, imbani. Foni ya amayi ndi yomwe ija, ndipo imakhala pa mpando pafupi ndi dzanja lawo lamanzere. Musadandaule mukapanda kumva bwino zimene akunena. Adzatchula dzina lanu, limenelo amalitchula bwinobwino. Inu mudzangovomera.

A Amida abwerera kuno pa 20. Mukafuna kuyankha pa pepala, apatsireni.

Mundiperekere moni kwa a Patricia, ndipo muwauze kuti juzi imene anatumizira Sungeni yamukwana tsopano. Moninso kwa a Peterson ndi onse a kwathu amene mumapemphera nawo kumeneko. Ambuye akusungeni pa ntchito ndi m'misewu ya kumeneko, ndipo atipatse masiku okwanira.

Ndine mlamu wanu wolakwa,

Salome